Kenwood TM-V71A pa mpikisano wa rally: wailesi yabwino yofuna dzanja lodziletsa

Mipikisano ya magalimoto ya rally ku America imachitikira kumene foni ya m'manja sigwira. Sno*Drift imathamangidwa m'nkhalango za ku Atlanta, ku Michigan, nthawi ya chipale chofewa. Rally in the 100 Acre Wood ili ku Salem, ku Missouri, STPR ili m'mapiri a ku Wellsboro, ku Pennsylvania, ndipo Olympus ili ku Shelton, ku Washington. Konseko msewu ndi wadothi kapena wamiyala, mitengo ili uku ndi uku, ndipo onyamula uthenga kuchokera poyambira kukafika pothera ndi anthu ongodzipereka okhala ndi laisensi ya wailesi ya ham. Ham ndi munthu amene analemba mayeso, boma n'kumupatsa chilolezo pamodzi ndi dzina lake la pa wailesi lotchedwa callsign, kuti azilankhula pa ma frequency oikidwa, osati pofuna malonda kapena malipiro. Kenwood TM-V71A ndi imodzi mwa mawailesi a m'galimoto amene anthu oterewa amawadalira.

Tinene poyamba pomwe pano kuti ndi wailesi yoyenera ntchitoyi, ndipo mukaipeza ili bwinobwino, gulani. Koma zinthu ziwiri zimene ambiri amaigulira, mphamvu yake ya ma watt 50 ndi luso lake lolandira uthenga pa bandi (gawo la ma frequency) ina n'kuubwereza pa bandi ina, n'zomwenso zimasokoneza mauthenga a tsiku la mpikisano zikagwera m'manja mwa munthu waphuma. Wodziwa ntchito amaiyendetsa pa ma watt 10 pafupifupi tsiku lonse, ndalama zotsala n'kugulira eliyo yabwino ndi batire.

Ntchito imene ikukagwira ndi iyi. Mpikisano umagawidwa m'zidutswa za misewu yotsekedwa zotchedwa special stage, mwachidule stage. Magalimoto sanyamukira pamodzi. Amanyamuka imodziimodzi, motalikirana mphindi imodzi, kapena ziwiri fumbi likachuluka. Poyambira pamakhala wa wailesi, pothera wina, ndipo ena amamwazikana pa mphambano ndi pamalo oimapo oonerera. Malamulo a FIA, bungwe loyang'anira mipikisano ya magalimoto padziko lonse, amafuna kuti malo a wailesi azipezeka pafupifupi makilomita 5 aliwonse, ndipo chizindikiro chake ndi chikwangwani chabuluu chojambulidwa mphezi. Onsewa amamvera munthu mmodzi wotchedwa net control, yemwe amagawa mpata wolankhula. Msewu usanatsegulidwe pamadutsa magalimoto oyendera, 000, 00 ndi 0, ndipo opikisana akatha pamabwera ya sweep yotolera otsalira. Munthu wa pakati pa stage amalemba nambala ya galimoto iliyonse yodutsa ndi nthawi yake, ndipo amanena msanga akaona kuti 24 yadutsa, 31 yadutsa, koma 27 yomwe inanyamuka pakati pa ziwirizi sinaoneke. Galimoto yothamanga makilomita 100 pa ola imadya mamita 28 pa sekondi iliyonse. Wina akatseka frequency kwa masekondi 40 ndi nkhani zosafunika, galimoto yotsatira yayenda kale kupitirira kilomita, kulunjika pamene mnzake wagudubuzika. Zonse zimene tinene za wailesiyi tikuziyeza ndi masekondi amenewo.

TM-V71A inatuluka mu 2007. Imalankhula pa bandi ya mamita 2, yomwe ku America ndi 144 mpaka 148 MHz, ndi ya masentimita 70, yomwe kumeneko amangoitcha 440. Mphamvu zilipo zitatu, ma watt 50, 10 ndi 5, pa mabandi onse awiri. Imafuna magetsi a ma volt 13.8, imasunga matchanelo 1,000, ili ndi polumikizira eliyo pamodzi pokha pa mtundu wa SO-239, ndipo nkhope yake imachotseka.

Chimene chimaiika patsogolo pa mawailesi a bandi imodzi monga Yaesu FT-2980R si mphamvu ayi, poti Yaesu ija imafika ma watt 80. M'kati mwa Kenwoodyi muli zolandirira ziwiri zodziimira pazokha, ndipo chilichonse chili ndi kokweza mawu kwake ndi squelch yake, yomwe ndi chotsekera phokoso la pamene palibe akulankhula. Kumanzere mumaika frequency ya stage yanu, kumanja ya likulu la mpikisano kapena ya anzanu oyang'anira oonerera. Zonse ziwiri zikhoza kukhala pa mamita 2. Kumbuyo kuli malo awiri olowetsa masipika, ndipo mukaika sipika imodzi kumanzere kwa dashibodi, ina kumanja, khutu limadziwa lokha kumene mawu akuchokera, maso ali pa msewu. Pamene galimoto ya rally ikudutsa simumva kanthu pa sipika ya m'kati mwa wailesi, choncho sipika yapadera kapena mahedifoni si zongokometsera. Ubwino womwewu uli ndi msampha wake. Mukangodina kabatani kokwezera mawu, mbali yolankhulira imasamuka, ndipo uthenga wa stage umakatulukira ku likulu, anthu a stage osamva kanthu. Pa nkhope ya wailesi pamaoneka kachizindikiro ka PTT, dzina la batani lolankhulira, pamwamba pa mbali imene ilankhule. Kayang'aneni musanadine maikolofoni, nthawi iliyonse. Dziwaninso kuti mbali zonse zikakhala pa bandi imodzi, pamene mukulankhula mbali inayo imakhala yogontha.

Ma frequency alowetseni kunyumba, osati m'nkhalango. Okonza mpikisano amatumiza ndandanda yake masiku angapo tsiku lisanafike. Pulogalamu ya Kenwood ya MCP-2A ndi yaulere ndipo imafuna chingwe cha PG-5G, komanso pulogalamu ina yotchedwa CHIRP imagwira pa wailesiyi. Dzina la tchanelo limalola zilembo 6 zokha, ndiye lembani mwachidule monga SS3 ndi SS3ALT, mozitsatizanitsa monga zilili pa pepala, kuti net control akati tonse tisamukire pa yachiwiri, mungopotokola kamodzi. Repeater ndi wailesi yokhala pamwamba pa phiri kapena nsanja imene imalandira mawu anu pa frequency ina n'kuwaulutsa pa ina. Ku America kusiyana kwa ziwirizi kumakhala 600 kHz pa mamita 2 ndi 5 MHz pa 440, ndipo ma repeater ambiri satseguka popanda kamvekedwe kapansi kotchedwa CTCSS. Apa ndi pamene anthu amalakwitsa kwambiri. Tone ikalakwika mumamva aliyense koma palibe amakumvani, ndipo mumazindikira pokhapokha pamene uthenga wanu ukufunika. Palinso kusiyana pakati pa T ndi CT pa nkhope ya wailesi. T imangotumiza tone. CT imatumiza, komanso imatseka khutu la wailesi kufikira itamva tone yomweyo. Ngati repeater sibweza tone, pa CT simumva chilichonse, mumaganiza kuti pali zii, n'kulankhula pamwamba pa munthu amene akunena za ngozi. Pa tchanelo cha mpikisano ikani T. Onjezaninso tchanelo china cha simplex, kutanthauza kulankhulana mwachindunji popanda repeater, pa frequency yotulukira ya repeater yomweyo, kuti ikafa muzimvanabe ndi oyandikana nanu.

Zinthu ziwiri zing'onozing'ono muzisinthe nthawi yomweyo. APO, yozimitsa wailesi ikakhala nthawi yaitali osakhudzidwa, ikhale yozima. Malire a nthawi yolankhula, TOT, amene amasankhidwa pakati pa mphindi 3, 5 ndi 10, aikeni pa 3. Maikolofoni yopanikizika pakati pa mpando ndi chitseko imatseka stage yonse, ndipo mwini wake sangauzidwe chifukwa wailesi yolankhula siimva. Ngakhale mphindi 3 n'zambiri, ndi magalimoto atatu amenewo. Maikolofoni ikhale ndi pokoleka pake.

Magetsi ndiwo amagwetsa anthu ambiri. Pa ma watt 50 wailesiyi imakoka mpaka ma amp 13, pa 10 imakoka pafupifupi 6, ndipo ikamangomvetsera imadya amp imodzi kapena kucheperapo. Tiwerengere tsiku la maola 10 limene mwalankhula ola limodzi mukaphatikiza zonse. Pa mphamvu yapamwamba ndi 13 Ah (Ah ndi amp imodzi yokokedwa kwa ola limodzi) kuonjezapo 9 Ah yomvetsera, zonse 22 Ah. Pa yapakati ndi pafupifupi 15 Ah. Batire la galimoto linapangidwira kuliza injini kwa masekondi ochepa, osati kukamidwa tsiku lonse, ndipo kumalo ozizira ngati ku Sno*Drift mphamvu yake imakhala yochepa kale. Zotsatira zake n'zakuti madzulo galimoto imakana kulira, muli pakati pa nkhalango, sweep itapita. Nyamulani batire lapadera. La AGM la 35 Ah limakwanira ngati muli pa ma watt 10, poti silifunika kukamidwa kupitirira theka. La LiFePO4 la 20 Ah ndi lopepuka ndipo ma volt ake satsika msanga, koma musalitchaje kukazizira kutsika pa 0 °C, limaonongeka.

Pa soketi yoyatsira ndudu musalumikizepo. Mawaya ake ndi aang'ono, fyuzi yake nthawi zambiri ndi ya ma amp 10 kapena 15, ndipo ma volt amagwa mukangodina maikolofoni. Wailesiyi imapirira mpaka pafupifupi ma volt 11.7. Kutsika apo mawu amasweka, kapena imazima n'kuyakanso inu mukuyesa kuti uthenga wapita. Waya wofiira ndi wakuda apite ku batire mwachindunji. Chingwe chobwera ndi wailesi chili ndi mafyuzi a ma amp 20, ndipo pa mchira wa wailesi pali ina ya 15. Sungani zapadera za mitundu yonse iwiri m'galimoto. Pamene waya akudutsa pa chitsulo ikani kamphira, chifukwa misewu yopita ku ma stage imagwedeza kwambiri ndipo chitsulo chimadya waya pang'onopang'ono.

Tsopano eliyo, yomwe kwa ife ndiyo theka la wailesi. Kuchoka pa ma watt 10 kufika pa 50 mumapindula 7 dB yokha (dB ndi muyeso wa kukula kwa mphamvu ya mafunde), ndiponso mumapindula polankhula pokha, kumva kwanu sikusintha. Eliyo yabwino imathandiza mbali zonse ziwiri. Mafunde a mabandi awa amayenda pafupifupi molunjika ngati kuwala. Pamalo athyathyathya, eliyo yokhala mamita 1.8 kuchokera pansi imaona mtunda wa makilomita 5 ndi theka, koma ikakwera pa mlongoti wa mamita 7 imaona pafupifupi 11. Choncho munthu amene wapatsidwa malo m'chigwa apindula kwambiri ndi mlongoti wolumikizalumikiza, zingwe zitatu zoumangira, ndi eliyo ngati Diamond X50 ya mamita 1.7 kapena J-pole, kusiyana ndi kukweza mphamvu. Pa denga la galimoto, eliyo ya mabandi awiri ngati Larsen NMO2/70 yomangidwa pa chomangira cha mtundu wa NMO pakati pa denga ndiyo yodalirika. Ya maginito imagwira ntchito, koma nthambi zimaigwetsa, ndipo pa denga la aluminiyamu simamatira. Kandodo ka masentimita 49 kamakwanira pa mamita 2 pamalo amitengo yowirira pamene eliyo yaitali ingathyoke. Chingwe nacho chimaba mphamvu. RG-58 yotalika mamita 15 imadya pafupifupi theka la mphamvu pa mamita 2, ndipo pa 440 imadya zoposa pamenepo. Pa mlongoti gwiritsani ntchito chingwe chonenepa ngati LMR-400. Yezani SWR, muyeso woonetsa mphamvu imene eliyo ikubweza ku wailesi, eliyo ili pamalo ake enieni. Ikakhala pansi pa 1.5 zili bwino, ikapitirira 2 fufuzani polumikizira, kawirikawiri ndi madzi kapena pini yomasuka. Mlongoti uime kutali ndi mawaya a magetsi, kutali ndi msewu moti ukagwa usafike pamene magalimoto akudutsa, ndipo oonerera, makamaka ana, asaugwire pamene mukulankhula.

Malo enieni oimika galimoto amasinthanso zinthu. Kusuntha mita imodzi kapena ziwiri kumatha kuchotsa phokoso lonse. Yesani ndi net control m'mawa 000 isanadutse, kuyambira pa ma watt 5, kenako 10, ndipo muime pamene akumvani bwino. Lamulo la FCC, bungwe la boma loyang'anira mawailesi ku America, ndime 97.313, limanena kuti ham agwiritse ntchito mphamvu yochepetsetsa yokwanira uthengawo, ndipo pa rally chifukwa chake chimaoneka ndi maso. Poyambira stage pamaima magalimoto angapo okhala ndi mawailesi, ndipo mmodzi akaulutsa ma watt 50 pa mamita 2, oyandikana naye amagontha ngakhale ali pa frequency ina. Ma stage awiri otalikirana nthawi zina amapatsidwa frequency imodzi ya simplex poganiza kuti phiri liwalekanitsa, ndiye munthu wokhala pamtunda ndi mphamvu yonse amalowerera ku stage ya eni ake, nambala za magalimoto n'kusokonekera. Ma watt 50 asungireni pamene repeater yafa ndipo mukufunika kudutsa phiri.

Luso lobwereza uthenga, lotchedwa cross-band repeat, likufuna kulifotokoza mofatsa. Pali malo amene galimoto yanu iyenera kuima mamita 200 kumbuyo kwa tepi, pomwe inu mukufunika pa kona penipeni kuti muone nambala. Mumatenga wailesi ya m'manja, kulankhula pa 440 ndi mphamvu yochepa, Kenwood ya m'galimoto n'kulandira ndi kuulutsa pa mamita 2. Poyatsa, mumaika mbali ina pa mamita 2 ndi ina pa 440, kulowa pa menyu 403, kusankha CROSS, A-TX kapena B-TX, kuzimitsa wailesi, kenako kuiyatsa mutagwira batani la TONE. Imagwira ntchito bwino kwambiri. Koma wailesi imene ikulankhula mwini wake ali kutali ikhoza kuononga zambiri.

Vuto loyamba ndi phokoso. Squelch ya mbali ya 440 ikatsegulidwa ndi phokoso lililonse, kaya la tchaja ya foni kaya la ham wina wodutsa, wailesi imaliulutsa pa frequency ya stage. Apa ndiye pofunika CT, mbali ya 440 yokha, ndi tone imene mwagwirizana ndi wailesi yanu ya m'manja. Lachiwiri limabwera stage ikamayendera repeater. Repeater imakhalabe ikuulutsa kwa kanthawi munthu atasiya kulankhula, ndipo nthawi yonseyo Kenwood yanu imakhala yotanganidwa kukutumizirani zimenezo pa 440, osakumverani. Anthu akamalandizana mawu mofulumira simupeza mpata ngakhale muli ndi uthenga wa ngozi. Njira yabwino ndi kusiya CROSS n'kusankha A-TX kapena B-TX, kuti wailesi izibwereza kulowera mbali imodzi yokha. Ya m'manja izimvera repeater mwachindunji pa mamita 2, poti kumva repeater sikuvuta, ndipo izilankhula pa 440 kudzera m'galimoto. Njirayi imachepetsanso vuto lachitatu, la kutentha. Pa CROSS, aliyense akalankhula pa stage wailesi yanu imaulutsa, mwina theka la tsiku, fani ikulira, batire likutha. Ngati mwasankhabe CROSS, mbali ya 440 ikhale pa ma watt 5, ndipo thupi la wailesi lisakwiriridwe ndi majekete. Lachinayi ndi kudzitchula. Wailesiyi imatha kutumiza callsign yanu m'zizindikiro za Morse mphindi 10 zilizonse kudzera pa menyu 405 ndi 406, koma kulira kumeneko kukhoza kugwera pakati pa uthenga wa wina. Mukamabwereza kulowera mbali imodzi, callsign imene mwatchula ndi pakamwa imatulukira pa mabandi onse awiri, nkhani n'kutha. Mukadina maikolofoni dikirani sekondi yathunthu musanayambe, chifukwa mawu akudutsa mawailesi awiri kapena atatu, ndipo chimene chimadulidwa ndi chiyambi, momwe muli nambala ya galimoto. Koposa zonse, uzani net control musanayatse, ndipo khalani pamtunda woti mukhoza kuthamanga kukaizimitsa.

Wailesi singakhale yabwino kuposa laisensi ya woigwira. Ku America laisensi ya Technician ndi yokwanira pa mabandi awiriwa. Mayeso ake ali ndi mafunso 35, ofunika kukhoza ndi 26, imakhala zaka 10, ndipo kuyambira mu April 2022 FCC imalipiritsa madola 35. Malamulo amalola ma ham kuthandiza pa zochitika zapagulu monga mipikisano, koma malire alipo mu ndime 97.113. Simungalipidwe chifukwa cholankhula pa wailesi. Simungatumize uthenga wopindulitsa bizinesi yanu kapena ya abwana anu, ndiye makaniko wolembedwa ntchito ndi timu sangaitanitse zipangizo pa bandi ya ham. Matimu otere akhale ndi mawailesi a laisensi ya bizinesi. Nyimbo, kutukwana ndi mawu obisa tanthauzo n'zoletsedwa. Maina a ntchito monga Start 3 kapena Finish 3 ndi ololedwa ndipo ndi othandiza, koma salowa m'malo mwa callsign, yomwe ndime 97.119 imafuna pa mapeto a kulankhulana ndiponso mphindi 10 zilizonse kukambirana kukamapitirira. Chizolowezi chabwino ndi kuyamba ndi dzina la ntchito, kumaliza ndi callsign. Mkulu wa stage wopanda laisensi akhoza kulankhula pa maikolofoni yanu inu muli pompo mukuyang'anira, koma simungamusiyire wailesi n'kuchokapo. Frequency ya ham ilibe mwini, mpikisano sungathamangitse ham wina amene walowa, ungangomupempha mwaulemu. Repeater yokha ili ndi eni ake, kalabu kapena munthu, ndipo chilolezo chiyenera kupemphedwa mpikisano usanafike.

Pa ngozi m'pamene kudziletsa kumafunika koposa. Oyendetsa akaima m'njira amaonetsa chikwangwani cha OK kapena cha SOS. Chikakhala cha SOS, galimoto yoyamba kufika imaima kuthandiza, yachiwiri imatenga uthenga kukafikitsa pa wailesi yotsatira, ndiye kuti kwa inu. Nenani nambala ya galimoto, malo ake monga alili m'buku la njira, chikwangwani chimene chaonetsedwa, ngati msewu watsekeka, ngati pali moto, ndi chiwerengero cha ofuna thandizo. Nambala muzitchula imodziimodzi, 2 kenako 7, popeza m'Chingerezi 15 ndi 50 zimamveka zofanana pa wailesi. Lankhulani pang'onopang'ono, kuthamanga si kufika, ndipo uthenga wobwerezedwa katatu umatenga nthawi kuposa wonenedwa bwino kamodzi. Dzina la wovulala musalitchule, ndipo musapenekere za mmene alili. Bandi ya ham ndi yotseguka, aliyense wokhala ndi wailesi yomvera akumva, kuphatikizapo achibale amene akudikira kumalo okonzera magalimoto. Popeza kubisa mawu n'koletsedwa, nkhani zotere zimapita pa foni kapena pamaso ndi pamaso. Nenani zimene mwaona padera, zimene mwauzidwa padera. Kuimitsa stage si udindo wanu, ngakhale mbendera yofiira ili m'manja mwanu, imaonetsedwa polamulidwa ndi woyang'anira mpikisano. Ena onse akamva kuti pali ngozi akhale chete, cholembera chili m'manja.

Zofooka za wailesiyi zilipo. Maikolofoni imalowa m'thupi la wailesi, osati pa nkhope, ndiye mukaika thupi pansi pa mpando mufunika DFK-3D yolekanitsira nkhope, mwinanso PG-5F yotalikitsira zingwe, zogula padera. Sinapangidwire mvula, ndipo fani yake imakoka fumbi, lomwe pa rally silisowa. Ipemereni ndi mpweya mukabwerako. Mabatani ndi aang'ono kwa munthu wovala magolovesi. APRS, yoonetsa pa mapu pamene galimoto ili, mulibe m'kati. Amene akuyendetsa sweep kapena 0 ndipo akufunidwa kuti azioneka pa mapu afunika kachipangizo kena kolumikiza kumbuyo, kapena mkulu wake wa wailesiyi, TM-D710.

Ena adzafunsa ngati Baofeng UV-5R yotsika mtengo singakwanire. Ngati yolankhulira ndi galimoto yanu pa mamita 200, ingathe. Ngati wailesi yokhayo pa malo a pakati pa stage, ayi. Ma watt ake 4 kapena 5 pa kaeliyo kamphira sadutsa nkhalango, ndipo cholandirira chake chimagontha msanga pafupi ndi mawailesi amphamvu. Zina za mtunduwu zimalolanso kulankhula kunja kwa mabandi a ham, zimene zimaika munthu wosadziwa m'mavuto.

Ogula ali kunja kwa America asamale ndi chilembo chomaliza. TM-V71A ndi ya ku America. Ku Africa ndi ku Ulaya bandi ya mamita 2 imathera pa 146 MHz, pomwe wailesiyi imalola kulankhula mpaka 148, ndiye ndandanda ya ma frequency yokopera ku America, kuphatikizapo 146.520 yoitanirana kumeneko, ikutulutsani kunja kwa bandi. TM-V71E ya ku Ulaya imatsata malire amenewa ndipo polumikizira eliyo pake ndi pa mtundu wa N, koma buku la Kenwood limaika cross-band repeat pa mtundu wa ku America wokha. Laisensi imachokera ku MACRA ku Malawi, kumene callsign imayamba ndi 7Q, ku ZICTA ku Zambia, kumene imayamba ndi 9J, ndi ku ICASA ku South Africa. Ku Zambia, komwe Zambia International Rally yakhala ikuwerengedwa mu African Rally Championship, funsani okonza mpikisano kuti mauthenga awo amayenda pa mawailesi otani musanagule kanthu. Ku Britain mauthenga a chitetezo pa rally amayenda pa ma frequency a Motorsport UK a ku 81 MHz, amene si a ham, ndipo Kenwoodyi siifika kumeneko ngakhale pomvera.

Yatsopano njosowa masiku ano, ambiri amagula yogwiritsidwapo kale ntchito. Musapereke ndalama musanaiyese. Lumikizani choyezera mphamvu ndi dummy load, chipangizo cholowa m'malo mwa eliyo poyesa, muone ngati ikutulutsa pafupifupi 50, 10 ndi 5 pa mabandi onse awiri, ndiponso ngati fani ikuzungulira mukamalankhula. Mverani siteshoni yofooka yomweyo kumanzere, kenako kumanja. Mawailesi ena akale a mtunduwu ali ndi vuto lodziwika la mafyuluta a ceramic, ndipo zizindikiro zake ndi kuthetheka ngati kwa mphezi yakutali kapena mbali imodzi kumva mofooka kuposa inzake. Zimakonzeka posintha mafyulutawo, koma mtengo utsike. Funsaninso ngati inatsegulidwa kuti izilankhula kunja kwa mabandi a ham. Yotsegulidwa imakulolani kudina maikolofoni pa frequency ya apolisi kapena ya ambulansi mwangozi, pomwe yosatsegulidwa imakana yokha. Yang'anani pini ya SO-239 ngati sinamasuke, potokolani kabatani kalikonse mumve ngati sikakudumpha, ndipo muisiye ikumvetsera kwa theka la ola musanagamule, chifukwa mavuto ena amaoneka ikatenthera.